Gasi wowotcherera: kwa ife a ntchito zapakhomo muno mu Harare

Abale, ngati mumawotcherera kamodzikamodzi, geti lero, bagila mwezi wamawa, musathamangire kubwereka silinda yaikulu. Makampani ngati BOC amalipiritsa lendi ya silinda kaya mwaigwiritsa ntchito kapena ayi, ndiye gasi akungokhala pakona ndalama zikupita. Gulani yanuyanu yaing'ono, koma musanapereke ndalama funsani kaye amene adzavomere kuidzaza.

Ya kaunjika, kaya mwaipeza ku Magaba ku Mbare kaya pa Facebook, yang'anani paphewa pake. Pamakhala dzina la mwini wake ndi deti lomwe inayesedwa komaliza. Ngati dzinalo ndi la kampani yobwereketsa, kapena lafufutidwa ndi girayinda, isiyeni, odzaza adzaikana.

Podula chitsulo komanso pa brazing (kumata zitsulo ndi waya wina wosungunula), gasi wophikira wa LPG ndi okosijeni amakwanira, bola musinthe nozo ndi paipi zikhale za LPG. Kulumikiza chitsulo ndi chitsulo pozisungunula kumafuna gasi wa acetylene. Ameneyu asapitirire 1 bar pa regulator (chipangizo chochepetsera mphamvu ya gasi), ndipo silinda yake iziimirira, chifukwa mkati muli zamadzimadzi zotchedwa acetone. Ikabwera chogona m'galimoto, iimikeni maola angapo musanatsegule. Mazinga ake amamangira kumanzere, musakakamize ndi sipanala.

Pa MIG (makina owotcherera amagetsi otulutsa waya okha), gasi wa CO2 yekha ndi wotchipa, kungoti amathetheka kwambiri.

Chonde, mafuta kapena girizi zisakhudze valavu ya okosijeni, zimayaka zokha. Flashback arrestor (chipangizo choletsa moto kubwerera ku silinda) ikhalepo mbali zonse ziwiri, ya okosijeni ndi ya gasi woyaka. Mukamanga, pakani thovu la sopo polumikizira ponse, chifukwa kabowo kakang'ono kamamaliza silinda mutagona.