Loweruka la manachesi ndi mapilisi a azakhali

Chiperoni chagwa kuyambira usiku, phiri la Michiru silinaoneke tsiku lonse. M'mawa ndinatsikira kumsika wa Blantyre kukagula ndiwo, ndipo ndinapeza manachesi a ku Mwanza ataunjikidwa milumilu, ena akadali ndi masamba. June ndiye nyengo yake. Ndinadzazitsa jumbo n'kukwera minibasi ya ku Chilomoni kukazonda azakhali, omwe akhala akutsokomola sabata yonseyi.

Ndinawapeza atafunda zitenje ziwiri, mbaula ili pamapazi, mumphika mukubwata jinja ndi mandimu odulidwa. Zimenezo sizinandidetse nkhawa. Chimene chinandiumitsa thupi ndi kapaketi ka mapilisi awo a BP, kali pawindo kosatsegula.

“Azakhali, mankhwalawa mwaleka?”

“Mwanawe, pagulu lathu la WhatsApp anatumiza kuti ndimu imatsuka magazi. Mapilisiwa ndamwa zaka zambiri, ndatopa nawo.”

Ndinakhala pamkeka n'kuyamba kusenda nachesi, kuti mtima uyambe wakhala pansi. Uthenga ngati umenewu umavuta kuutsutsa chifukwa muli kachoonadi. Zipatsozi zili ndi mphamvu ndithu. M'chaka cha 1747, dokotala wa ku Scotland, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala scurvy, nthenda yotupitsa nkhama mpaka mano kugwedera, n'kuwagawa awiriawiri, gulu lililonse mankhwala akeake. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga. Chimene chinawachiza, vitamini C, chinadzadziwika patapita zaka pafupifupi 200. Koma anthu ajawo ankadwala chifukwa chosowa vitaminiyo m'thupi. BP si nthenda yosowa ndimu.

Mdzukulu wawo, kamtsikana ka Sitandade 3, kanali pambali panga kakuchotsa timaulusi toyera pa nachesi, kamodzikamodzi, n'kumatayira m'phulusa. Ndinakagwira dzanja. M'timaulusi timeneti, ndi m'choyera chofewa cha kuseri kwa khungu, ndimo muli hesperidin wochuluka kuposa m'madzi a chipatsocho. Hesperidin ndi mmodzi wa ma flavonoid, gulu la zinthu zachilengedwe zopezeka m'zomera, ndipo ofufuza apeza kuti amathandizako mitsempha ya magazi kumasuka. Kufamase kuli ngakhale mapilisi otchedwa Daflon, opangidwa ku France kuchokera ku ma flavonoid a zipatso zamtunduwu, omwe amaperekedwa kwa otupa mitsempha ya m'miyendo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'pilisi mlingo ndi woyezedwa, pamene mumphika wa azakhali palibe angadziwe kuti muli zochuluka bwanji. Ndipo kutsika kwa BP kumene hesperidin angabweretse n'kochepa zedi, sikungateteze munthu wa msinkhu wawo ku sitiroko.

Mphikawo ndinauphula. Vitamini C sapirira moto, ukabwatitsa ndimu nthawi yaitali wambiri amawonongeka. Ndinawiritsa jinja payekha, madzi atazizirako ndinafinyiramo ndimu yaiwisi. Ndinawauza poyera kuti chifuwa sichithawa lero chifukwa cha kapu imeneyi, koma pakhosi pafewa ndipo m'thupi mulowa madzi. Ndinawakumbutsanso kuchukucha m'kamwa ndi madzi akamaliza, poti asidi wa ndimu amadya mano.

Nditatembenuza kapaketi kaja ndinawerenga dzina: nifedipine. Apa ndinawafunsa ngati amadya grapefruit, chija chachikulu chowawirira chimene mwana wawo amawagulira m'sitolo nthawi zina. Chipatso chimenechi chili ndi ma furanocoumarin, omwe amalepheretsa matumbo kuphwanya mankhwala ena, ndiye mankhwalawo amachuluka m'magazi mopitirira mlingo, munthu n'kuchita chizungulire, mwinanso kugwa. Vuto la grapefruitli analitulukira ndi ofufuza a ku Canada mu 1989, akuyesa felodipine, mankhwala a BP a banja limodzi ndi nifedipine. Manachesi ndi malalanje otsekemerawa alibe vuto limeneli. Zimandipweteka kuti mauthenga a pafoni amangoti zachilengedwe sizipweteka, osatchulapo zoterezi.

Masana tinaphika nyemba ndi bonongwe. Nditaphula ndinafinyira ndimu pamwamba pa ndiwo, azakhali akundiyang'ana ngati ndaononga chakudya. Kwa ine, apa ndi pamene ndimu imagwira ntchito yaikulu m'nyumba zathu. Ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba thupi limavutika kumutenga, koma akakumana ndi vitamini C amalowa bwino. Kwa amayi oyembekezera ndi ana ochepa magazi, nachesi imodzi pambuyo pa nsima iposa tiyi, amene amatsekereza ayironi yemweyo. Atalawa anati, “Aa, koma zikukoma,” n'kuwonjezera okha.

Pilisi lija anameza ndikuona, koma osati mosangalala. Anati limawatupitsa mapazi, ndipo nditayang'ana akakolo awo ndinaona kuti sakunama. Nifedipine amachitadi zimenezo kwa anthu ena, ndipo n'kutheka kuti ichi ndicho chinawagwetsa ulesi kuposa uthenga wa pafoni uja. Tagwirizana kuti Lolemba m'mawa ndiwaperekeza kuchipatala akayezetse BP, ndipo akafotokoze za mapaziwo kuti adokotala aone ngati angawasinthire mankhwala. Buku lawo la kuchipatala ndabwera nalo, lili m'chikwama changa.