Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Tsiku Limene Sitinamuitane ku Mpira

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene dzina langa linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale, mayi anga n'kululutira pakhonde la nyumba yathu ku Ndirande mpaka anansi kutuluka. Lero ndisimba za munthu amene ndinakhala naye desiki imodzi kuyambira mu Januwale 2003 mpaka tsiku limene tinalemba pepala lomaliza la mayeso a MSCE. Dzina lake sinditchula, chifukwa tsopano ndi bambo wa banja lake ndipo mbiri ndikulembayi ndi yanga, ndizingoti mnzangayo.

Tsiku lachitatu la teremu yoyamba, mphunzitsi wa kalasi yathu analowa ndi mnyamata wamtali, wochepa thupi, atagwira ndodo yoyera kudzanja lamanja, kudzanja lamanzere atanyamula makina achitsulo. Anamukhazika pa desiki ya kutsogolo pafupi ndi khomo, kenaka anamwaza maso m'kalasimo n'kuloza ine. "Iwe, bwera ukhale apa. Kuyambira lero uzimuwerengera mnzakoyu zonse zolembedwa pa bolodi." Ine sindinafunsidwe, nayenso sanafunsidwe. Ndinanyamula makope anga mtima uli khuma ngati munthu wopatsidwa chibalo, chifukwa anzanga onse amene ndinachokera nawo ku pulayimale anali atadzisankhira malo kumbuyo.

Mnzangayo anabadwira ku chigwa cha Shire ali ndi maso abwinobwino. Chikuku ndicho chinamulanda kuona ali ndi zaka zinayi, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti nthendayi ikagwira mwana amene m'thupi mwake vitamini A ndi wochepa, imatha kuononga maso mpaka kalekale. Pulayimale anaphunzira pa sukulu yogonera konko ya ana osaona, ndipo atasankhidwa kubwera ku Blantyre anafikira kwa amalume ake, kumtunda kwa msika wa Ndirande. Ife ndife ana a maphunziro aulere a ku pulayimale amene anayamba mu 1994, ndipo tinkadzaza m'kalasi ngati nsomba mu dengu, koma zaka zisanu ndi zitatu zonsezo sindinakhalepo m'kalasi imodzi ndi mwana wosaona kapena wosamva. Kalembera wa mu 2018 atapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali, ndinadzifunsa kuti nanga anzanga a msinkhu wanga amenewo anali kuti masiku onsewo. Anali m'nyumba zomwezo zimene tinkadutsa popita kusukulu, ndipo sitinkawafunsa.

Makina aja anali a Perkins, olembera zilembo za Braille, olemera pafupifupi makilogalamu 5. Ali ndi mabatani asanu ndi limodzi a timadontho, atatu a dzanja ili ndi atatu a dzanja linalo, ndipo pakati pali lina lodumphitsira malo. Chilembo chilichonse chimapangidwa ndi timadontho totumphuka tosapitirira tisanu ndi kamodzi, tondandalikidwa m'mizere iwiri yoimirira, ndiye wolemba amadina mabatani ofunikawo nthawi imodzi. Mnzangayo ndiye anandiuza kuti njira imeneyi anaikonza Louis Braille wa ku France mu 1824, ali mnyamata wa zaka 15, ndipo ankanena zimenezi monyadira ngati akutchula mbale wake. Akamalemba, makinawo ankalira kuti gugudu gugudu, mwakuti masabata oyambirira anyamata a kumbuyo ankadandaula kuti akuwasokosera. Pepala lake linali lokhuthala, ndipo manotsi amene ine ndinkalemba pa tsamba limodzi, iye ankadzaza nawo masamba atatu.

Ntchito yowerengayo ndinkaiyesa yophweka mpaka tsiku limene tinayamba masamu a zilembo. Mphunzitsi ankaima pa bolodi choko chili m'manja n'kumati, "Mukachotsa ichi apa n'kuchipititsa uku, chizindikiro chake chimasintha, ndiye mugawe ndi ichi." Kalasi yonse inkavomera. Mnzangayo ankandigunda pang'ono ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Ichi chake chiti, amwene?" Pamenepo ndinayenera kutchula chinthucho ndi dzina lake, kunena kuti ndi 3x, kuti wachoka kudzanja lamanja kupita kumanzere, ndiponso chifukwa chimene wasinthira chizindikiro. Kambirimbiri ndinkapezeka kuti chifukwacho sindikuchidziwa, ndangokhala ndikukopera. Iye sankalemba chinthu asanachimvetse, ndipo ankandibweza mpaka ndifotokoze bwino. Ndikunena mosabisa kuti masamu amene ndinakhoza pa mayeso a JCE ndinawaphunzira pa desiki imeneyo, poyesetsa kusandutsa "ichi" wa mphunzitsi kukhala mawu. Mpaka lero zimandiwawa ndikamva mphunzitsi akuloza pa bolodi osatchula chimene akulozacho, chifukwa ndimadziwa kuti ngati m'kalasimo muli mwana wosaona, ndiye kuti wamutsekera kunja ngakhale wakhala pa desiki ya kutsogolo.

Panalinso mphunzitsi wina, wophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, amene ankamasulira ntchito ya mnzangayo kuchoka mu Braille kuti aphunzitsi ena athe kuichonga. Anali munthu wodzipereka, koma anali yekha, motero ife tikamalandira mapepala athu, mnzangayo ankadikira sabata ina kapena ziwiri kuti adziwe mmene wakhozera.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera gawoli. Teremu yoyamba isanathe, kalasi yonse inali itazolowera kumuthandiza. Wina ankamunyamulira makina, wina ankamusungira malo pa mzere, atsikana ankamugulira zitumbuwa. Koma belu la nthawi yopuma likangolira, tonse tinkathamangira pansi pa mtengo umene unali kuseri kwa makalasi, iye n'kutsala yekha pa desiki, zala zake zikuyenda pa pepala. Palibe ankatsutsana naye, palibe ankamuseleula monga tinkachitira tokhatokha, ndipo akalowa pamene tikuseka, mawu athu ankatsika ngati walowa ndi m'busa. Akabwereka ndalama ya chinangwa, palibe ankamukumbutsa ngongole. Ine ndinkaona ngati umenewo ndiwo ulemu, ndipo ndinkadziyesa bwenzi lake lenileni.

Loweruka lina m'teremu yachiwiri, nyengo ya chiperoni, Bullets inkasewera ndi Wanderers pa bwalo limene lero timati Kamuzu Stadium, koma nthawi imeneyo linkatchedwa Chichiri. Anyamata asanu ndi mmodzi a m'kalasi mwathu tinapangana sabata yonse za ulendowo, tikusonkherana ndalama zolowera, ndipo zokambirana zambiri zinkachitikira pa desiki yanga yomweyo, iye akumva zonse. Lowerukalo tinadutsa pafupi ndi nyumba ya amalume ake osagogoda.

Lolemba m'mawa, mphunzitsi asanalowe, tinayamba kukamba za mpirawo. Mnzangayo anangolowerera n'kutikonza pa mphindi imene wosewera wina anatulutsidwa, natchulanso amene analowa m'malo mwake, zinthu zimene ife tinali titaiwala kale. Anali atamvera masewero onse pa wailesi ya MBC. Anzanga atabalalika, anatembenukira kwa ine, osakweza mawu.

"Amwene, ndikufunseni. Munadutsa pakhomo pathu, eti? Ndinamva mawu anu pamsewu."

Ndinavomera.

"Bwanji simunandiitane?"

Ndinayankha chimene chinali mumtima mwanga, ndipo mawuwo ndimawakumbukirabe ndi manyazi. Ndinati, "Timaganiza kuti ukavutika. Komanso ukanakaona chiyani?"

Anakhala chete kanthawi, chala chake chikusisita m'mphepete mwa makina aja. Kenaka anati, "Kodi inu ku mpira mumangokapenya basi? Simukaimba? Simukakuwa? Simudya mtedza panjira? Mukadandifunsa, mwina ndikadakana ndekha. Koma munandikanira ndinu. Pa bolodi mumandiwerengera, zikomo kwambiri, koma imeneyo ndi ntchito imene anakupatsani aphunzitsi. Ya mpirayi sanakupatseni munthu, n'chifukwa chake simunaichite."

Tsiku lonselo ndinamuwerengera manotsi mawu akutuluka movutikira. Ndinafuna kudziteteza, koma ndikasanthula miyezi isanu imene tinakhala limodzi, sindinapezemo tsiku ngakhale limodzi limene ndinamufunafuna popanda chifukwa cha sukulu. Sindinkadziwa chakudya chimene amakonda, sindinkadziwa ngati ali ndi alongo, sindinali nditalowapo m'nyumba imene ankakhala. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kuwasala pa maphunziro, pa ntchito ndi pa malo ofikapo anthu onse. Zimenezo ndimazilemekeza, ndipo ndikudziwa kuti mabungwe oimira anthu aulumali monga FEDOMA anazimenyera nkhondo kwa zaka. Koma chimene tinamuchita ife Loweruka lija palibe khoti limene likanachizenga, chifukwa tinamusala tikumwetulira, tikukhulupirira kuti tikumusamala.

Matimu awiriwa atakumananso chaka chomwecho, ndinapita ndekha kukagogoda. Anatsegula ndi amalume ake, ndipo nditapereka moni ndi kufotokoza chimene ndabwerera, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, kumene kuja kumakhala chipwirikiti, nthawi zina mpaka utsi wokhetsa misozi. Ukamusamala?" Ndisanayankhe, mwiniwake anatulukira atavala kale juzi, kawailesi kake kali m'thumba. "Amalume, tikasamalana," anatero.

Titangotsika pakhonde ndinamugwira padzanja n'kuyamba kumukoka. Anaima. "Musandikoke ngati mbuzi yopita kumsika. Bweretsani mkono." Anandigwira pamwamba pang'ono pa chigongono, n'kumayenda theka la phazi kumbuyo kwanga, ndipo anandifotokozera kuti thupi langa likatsika kapena kukwera, iye amamva ndi dzanjalo asanafike pamalopo. Amene amaidziwa Ndirande akudziwa ngalande zake zosatseka, miyala yotuluka m'njira, ndi timilatho ta matabwa. Ndinaphunzira kunena kuti "ngalande, phazi lalikulu" m'malo mongoti "samala", chifukwa mawu akuti samala samuuza munthu choti achite. Njira imene ndinkayenda tsiku ndi tsiku kuyambira ndili mwana, tsiku limenelo ndinaiona ngati yachilendo.

Mu minibasi kondakitala analandira ndalama kwa iye, koma pofunsa anayang'ana ine. "Awawa atsikira pati?" Mnzangayo anayankha yekha, mwaulemu koma momveka: "Achimwene, pakamwa ndili napo. Nditsikira pa sitediyamu, ndipo chenji changa musaiwale." Anthu m'galimotomo anaseka, kondakitalayo anapepesa, ndipo ine ndinazindikira kuti ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimuyankhire.

Tinakhala mbali yopanda denga, pa masitepe a simenti, pakati pa khamu lovala zofiira. Ife asanu ndi mmodzi tinali a Maule kuyambira kubadwa, monga ana ambiri a ku Ndirande. Iye anaika kawailesi pakhutu, ndipo posakhalitsa tinagawana ntchito popanda kupangana: iye ankatiuza mayina a osewera amene ife kutaliko sitinkawazindikira, ife tinkamuuza zimene owulutsa mpira sankanena, monga goloboyi akukalipira otseka kumbuyo ake, kapena gulu la ochemerera likuvina mozungulira ndi ng'oma. Anthu oyandikana nafe anayamba kumufunsa kuti kwatsala mphindi zingati. Ndinamuyang'ana nthawi ina pamene bwalo lonse linkaimba, ndipo ndinaona atatsitsa wailesiyo, nkhope ataikweza, akumvetsera mmene nyimbo inkayambira mbali imodzi n'kuzungulira mpaka kutipeza.

Ndiye Wanderers inagoletsa. Mbali yathu yonse inangoti zii, koma munthu mmodzi anadumpha, manja m'mwamba, ndodo yoyera ikugwera pansi, akukuwa ndi mawu onse kuti, "Manomaaa!" Anali mnzangayo. Miyezi yonseyo tinakhala ndi munthu wa Noma pa desiki ya kutsogolo, ndipo panalibe amene ankadziwa chifukwa panalibe amene anamufunsapo. Ndinachita mantha ndi maso a anthu otizungulira, ndipo ndinamukokera pansi ndi juzi. Bambo wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwathu anatola ndodo ija n'kumupatsa, akupukusa mutu. "Mphwanga, mtima uli nawo. Koma ukakuwanso kachiwiri, ndikulanda wailesiyo."

Pobwerera anakana minibasi, akuti ndalamayo tigule mtedza, ndiye tinayenda pansi kudzera msewu wa Makata, dzuwa likulowa. Mkangano unabuka wa chigoli chija. Mnzathu wina, amene anali wamkamwa kwambiri m'kalasi mwathu, analimbikira kuti wogoletsayo anali ataotchera, ndipo atapsa mtima anakuwa kuti, "Iwe ukutsutsa chiyani, sunaone n'komwe!" Tonse tinaima, mitima ili m'mwamba. Mnzangayo anaseka mpaka kundisiya mkono. "Chabwino, ine sindinaone. Nanga woimbira uja ndi anzake a mbendera, maso asanu ndi limodzi, bwanji sanaone zimene waona iwezo?" Mkanganowo unapitirira mpaka pa msika, wina osalola kugonja, ndipo posiyana mnzathu wamkamwa uja anamukumbutsa za ngongole ya chinangwa ya mwezi wa Marichi.

Lolemba lake belu la nthawi yopuma litalira, ndinaimirira n'kupereka mkono osanena kanthu. Anavundikira makina ake ndi kansalu, anatenga ndodo, ndipo tinatuluka kupita kuseri kwa makalasi, kumene anzathu anali atayamba kale kukuwa kuti munthu wa Noma afulumire adzayankhe mlandu wake.