Miyendo ya alamu pakhoma la amayi

Chibwerereni kuno ku Joni, amayi anga ku Chiradzulu akhala akundiumiriza kuti ndiwaonetse tauniyi. Bambo awo anagwirako ntchito m'migodi nthawi ya Wenela, ndiye ankafuna kuona ndi maso awo malo amene amameza amuna a m'banja mwathu. Tizithunzi ta pa WhatsApp ankangotinyoza. "Nyumba imodzi basi? Nanga tauni yonse waibisa kuti?"

Ine kamera ndili nayo. Ndinaigula kwa mnzanga wa ku Zimbabwe amene ankabwerera kwawo, ndipo Loweruka ndimaphako makwacha pa maukwati ndi mapate a ana. Ndiye ndinati mayiwa ndiwapangira panorama, kujambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuzilumikiza pa kompyuta kuti chituluke chimodzi chachitali, Joni yense alowemo.

Loweruka lina mu June, m'mamawa kukuzizira mpaka makutu kuwawa, ndinatengana ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ulendo wa pamwamba pa Northcliff, pafupi ndi thanki yamadzi yakalekale ija. Ukaima pamenepo tauni yonse imagona pamapazi ako. Hillbrow Tower ndi mamita ake 269 imaoneka kaye, pambali pake Ponte yozungulira ija ya nsanjika 54, kenako Carlton Centre pakati pa tauni, cha kumanja nsanja ya Sentech ku Brixton. Ukacheukira kumanzere, Sandton ali uko akunyezimira ndi magalasi ake.

Malamulo a ntchitoyi ndinkawadziwa. Kamera uigwire choimirira kuti kumwamba ndi pansi kutsale malo odula. Usayende, uzingotembenuza kamera pamalo amodzi. Chithunzi chilichonse chizilowa m'chinzake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngati mmene malata amakwererana padenga. Ndipo kuwala ukutsekere pa manual, kamera isamadzisankhire yokha. Lomalizali ndinalisiya, zala zinali zitauma ndi chisanu moti kabatani kaja sindinkakamva n'komwe.

Alamu anabwera atatchena jekete yatsopano yachikopa, ndipo sakanalola kuti ipite pachabe. Anakaima kumanzere pafupi ndi mwala, manja m'thumba, chibwano m'mwamba. Ndinajambula. Asanapume n'komwe anayamba kudandaula.

"Alamu, kumbuyo kwangaku kuli mitengo yokhayokha. Anthu kumudzi aziti ndili ku Bangwe."

Ananyamuka kukaima kumanja, molunjika Hillbrow Tower. Nthawi yomweyo kunatulukira mayi wina wothamanga, atavala taiti ya pinki, n'kudzaima pamwala pomwe paja kuti awongole miyendo. Ine diso linali kutali, kuyang'anira kuti mzere wa mitambo ndi nthaka usapendekeke. Ndinadina, n'kutembenuza, n'kudinanso mpaka kumapeto.

Usiku ndinathira zonse mu Hugin, pulogalamu yaulere ija. Iyo imafunafuna timadontho tofanana m'zithunzi zoyandikana, ngodya ya nyumba apa, nsonga ya nsanja apo, n'kuzikokera pamodzi. Pamene zithunzi ziwiri zakwererana, imasankha yokha kuti apa nditenga cha uyu, apo cha winayo. Chibale siichidziwa. Pa laputopu yanga yaing'ono chithunzi chinatuluka chopyapyala, anthu ngati timadontho, nsanja zonse zili chilili. Ndinawomba m'manja ndekha m'chipinda.

Lolemba ndinakachisindikiza m'tauni, kutalika mita imodzi ndi theka. Mnyamata wa pamakina anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitana mnzake, onse n'kumaseka mpaka kugwirana mapewa. Anandiuza m'Chizulu kuti chaka chino sanaone chithunzi chokoma chonchi. Ndinamupatsa ya drinki. Iye anachipinda yekha, n'kuchilowetsa m'chipaipi cha katoni, ine liwiro ku Park Station kukachipereka kwa kondakitala wa basi yodzera ku Beitbridge, Tete mpaka Mwanza.

Foni ya achemwali inalira Lachisanu usiku. Moni sanapereke.

"Iwe, miyendo iyi ndi ya ndani?"

"Miyendo iti, achemwali?"

"Usandipusitse. Mutu ndi wa bambo a ana anga, jekete ndi yawo, koma kuyambira m'chiuno kutsika pansi ndi zapinki zothina. Mwendo wina uli pamwala. Komanso kumanja kuno aliponso ena, athunthu, ndi buluku lawo. Ndinakwatiwa ndi uti?"

Ndinatsegula laputopu n'kukulitsa mbali ya kumanzere. Analipodi alamu, chibwano m'mwamba, manja akulowa m'thumba lomwe kulibe, atakhazikika pa miyendo yosalala ya munthu wodziwa kuthamanga. Ndinene zoona, miyendoyo inawakhala.

Pofika nthawiyo chithunzi chinali chitakhomedwa kale pabalaza. Amayi anali ataitana azimayi a kumpingo kudzaona Joni, ndipo palibe anayang'ana Ponte. Ena anati kunja kuno amuna amavala choncho kukazizira. Ena anatsitsa mawu n'kunena kuti munthu sangaoneke pawiri popanda kukhwima, wapinkiyo ndi ndondocha.

Alamu anakana kundiyankhula, ndipo mlandu unapita kwa amalume ku Rosettenville. Amalumewa ndi amene amatiweruza tonse kuno, komanso anajambulapo anthu mu situdiyo ku Limbe nthawi ya mafilimu, ndiye nkhani ya zithunzi siiwadutsa. Tinakhala pansi, alamu atafufuma mbali iyo, ine mbali ino, laputopu patebulo. Amalume anavala magalasi awo mosafulumira.

"Mphwanga, unkafuna kuti woona aone chiyani?"

Ndinati tauni yonse.

"Ndiye malo unasankha bwino. Nthawinso unasankha bwino, dzuwa likadali pansi, nyumba zili ndi mithunzi. Nsanja zaima mowongoka, sizinagwerane. Zimenezi ambiri zimawakanika."

Alamu anatsokomola. Amalume sanawayang'ane.

"Tsopano taona kumwambaku. Apa pawala, apa pada, apa pawalanso. Kamera yako inkasintha maganizo pa chithunzi chilichonse. Tsiku lina uyeze kuwala pamalo owala kwambiri, utseke pomwepo, ndiye uyambe. Utsekenso white balance, ija yoyeza kaonekedwe ka mitundu, mwina mbali ina idzatuluka yachikasu. Komanso pansi apa udzu wachuluka, sukunena kanthu. Ukadadulako pang'ono, maso akadathamangira kutauni."

"Amalume," anatero alamu, mawu akunjenjemera, "nanga miyendo?"

"Ndikubwera, mkamwini. Munthu suyamba ndi pamene pakupweteka, mnzako amatseka makutu."

Anatenga mphindi zina khumi akufotokoza za zinthu zapafupi ndi kamera, kuti miyala ndi nthambi zimasuntha malo ukatembenuza thupi lonse m'malo motembenuzira pa lenzi, ndiye pulogalamu imazithyola pakati. Anandifunsa ngati ndili ndi tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija. Anandifunsa mtengo wa pepala. Kenako anafika pamwala paja, n'kukulitsa, n'kuvula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Apa pali zinthu ziwiri. Chinthu choyenda usachiike pamene zithunzi zikulumikizana, chiike pakati pa chithunzi chimodzi. Chachiwiri, usanasindikize uzikulitsa, uyende ndi maso msoko uliwonse, ndipo uonetseko munthu wina." Anaima kaye. "Koma kalumikizidwe kake m'chiunomu n'kaukhondo. Msoko sukuoneka ngakhale pang'ono."

Alamu anatuluka panja. Tinawamva akukankha geti.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Mu Hugin momwemo muli mask, umazunguliza chimene sukuchifuna n'kuiuza kuti ichi chisalowe. Mayi wothamanga uja ndinamuchotsa, alamu a kumanzere ndinawachotsanso, kunatsala amodzi a pa Hillbrow Tower ndi buluku lawo. Ndalama yosindikiziranso ndinalipira ndine, kuphatikiza nyama yowotcha ndi mabotolo awiri kuti alamu ayambenso kundiyankha moni.

Nditaimbira amayi kuti chatsopano chikubwera, achotse chakalecho, anakana kwamtuwagalu. Ati anthu akuchokera mpaka ku Namitambo kudzachiona, ndipo mdzukulu wawo wayamba kugulitsa zitumbuwa pakhonde. Kenako anapereka foni kwa achemwali, amene anali ataziganizira bwino nkhaniyi.

"Uwauze alamu akowo kuti za miyendo ndakhululuka. Koma ngati kumeneko aliko awiri, mwezi uno ndalama ya munthu mmodzi asatumize."