Lipoti la Ulendo wa pa Chombo cha Thanga ku Ilha de Moçambique

Kwa mamembala anzathu amene munatsala ku Nkhotakota,

Gulu lathu la asodzi ndi amisiri okhoma maboti linapita ku chigawo cha Nampula m'dziko la Mozambique m'mwezi wa Julayi kukaona mmene anzathu a ku nyanja ya mchere amayendetsera zombo ndi mphepo yokha, popeza mtengo wa mafuta a injini watisautsa tonse. Tinatulukira pa chipata cha Chiponde, tinakwera sitima ya pamtunda ku Cuamba mpaka ku Nampula, kenako galimoto inatiwolotsa pa mlatho wa makilomita oposa atatu wolowera pa chilumba cha Ilha de Moçambique, chimene chinali likulu la Apwitikizi m'dzikolo mpaka 1898.

Chombo chimene tinakwera chinali cha matabwa, cha mlongoti umodzi ndi thanga la ngodya zitatu. Akuluakulu a m'gulu lathu sanachione chachilendo, pakuti zombo za mtundu womwewu ndi zimene zinkawoloka nyanja yathu m'nthawi ya a Jumbe, mafumu a Chiswahili a ku Nkhotakota, ndipo ku Likoma zikadalipo.

Chimene chinatidabwitsa ndi madzi. Kwathu msodzi amayang'ana mphepo basi, koma kumeneko nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu madzi amatsika mamita oposa atatu, moti chombo chimene chinali kuyandama madzulo mumachipeza pakati pa usiku chitagona chammbali pa mchenga, inu muli momwemo. Nthawi ya kudzazako imachedwerachedwera ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho ola lonyamukira silikhazikika. Tsiku lina mkulu wa chombo anatidzutsa nkhuku zisanalire kuti tizule nangula, pomwe tsiku lina tinakhala pa gombe la Cabaceira Pequena, mudzi wa kumtunda moyang'anana ndi chilumbacho, mpaka dzuwa litafika pa liwombo, tikuonerera amayi akutola nkhono pa malo amene m'mawa panali madzi ozama. Ena mwa ife anadandaula kuti tikutaya nthawi, koma eni chombo ankangosoka thanga lawo mwakachetechete, ndipo ine ndinaona kuti iwo ndiwo anali ndi nzeru.

Madzi akumwa nawonso anali nkhani yaikulu kwa anthu ozolowera kungotunga m'nyanja ndi chikho. Tinanyamula zigubu, ndipo madzi ake anali akumwa ndi ophikira okha. Mbale, zovala ndi thupi zonse zinkatsukidwa ndi madzi a mchere, amene sopo sachita nawo thovu. Kuphika kunkachitika pa mbaula ya makala yoikidwa m'bokosi la mchenga kuti moto usagwire matabwa, ndipo mnyamata wophika ankakhala chonjuta, dzanja limodzi litagwira poto wa mpunga wothira kokonati kuti asagubuduke, lina likutembenuza nsomba imene tinaigwira ndi mbedza yokokera kumbuyo kwa chombo. Tinkagona pa mphasa pansi pa thanga lotsitsidwa, chimbudzi chinali kabokosi kolenjekeka kumbuyo, ndipo anzathu achisilamu ankapemphera m'chombo momwemo nthawi ikakwana.

Pa luso la thanga, amisiri athu anakhala tcheru kwambiri pamene tinkapita ku Ilha de Goa, kachilumba kamene kali ndi nsanja younikira sitima. M'miyezi imeneyi mphepo imachokera kummwera monga mwera wathu, ndipo pofuna kukhota, wogwira tsigiro amatembenuza chombo kuti mphepo ibwere chakumbuyo, anzake n'kumasula chingwe, kuimika mtengo wautali wa thanga ndi kuuzunguliza kutsogolo kwa mlongoti, ena akusamutsira matumba a mchenga mbali ina kuti chombo chisapendeke. Ntchitoyi imafuna manja ambiri ndi kumverana, ndipo si yoti munthu angaiphunzire pongoonerera.

Maganizo anga ndi akuti tisathamangire kuchotsa injini, chifukwa mafunde a mwera kwathu ndi aafupi ndi oimirira, ndipo thanga lalikulu chotere lingagwetse boti lopepuka. Komabe amene tinapitako tagwirizana kupempha komiti kuti igule nsalu ndi zingwe, tiyese thanga laling'ono pa boti limodzi mwera ukachepa mphamvu, ndipo nkhaniyi tiibweretsa pa msonkhano ukubwerawu.