Tsiku lomwe apongozi anandilowetsa mu Chipembere Highway

Abale, pali manyazi ena oti ukawakumbukira usiku umadzifunda bulangete kumutu wekha ngakhale kukutentha. Anga ndi a Lachinayi lina mu Okutobala, pa Ginnery Corner.

Ka Vitz kanga kanali kwa makaniko ku Ndirande sabata yachiwiri, zija za "bwerani mawa bwana", ndiye madam akuimba kuti amayi awo apita ku Queens ndi anzawo a Mvano kukaona odwala, ndikawatenge ndikawatule ku Bangwe. Mkamwini sakana. Ndinabwereka Polo ya mlamu wanga, iye kungondiponyera makiyi basi osandiuza kuti galimoto ya ku Germany zinthu zake nzotembenuza. Ife tinazolowera za ku Japan izi, indiketa kumanja ma waipa kumanzere. Polo ayi, indiketa ili kumanzere. Pofika ku Queens nkuti nditapukuta galasi louma kanayi dzuwa likuswa mtengo. Komanso ndi ya manual, ine laisensi ndinatengera manual yomweyo inde koma mwendo wakumanzerewu wakhala pa holide zaka 7.

Apongozi anakwera bwinobwino, bulauzi yoyera, duku loyera, chikwama pamiyendo. Ndinakhotera pa filling kuthira ka K10,000 kuti mlamu asadzandinene, kenako ndikuti ndibwerere mu highway kulowera ku Limbe. Nthawi itangodutsa 5 koloko, Blantyre yense waweruka.

Ku driving school anatiphunzitsa kuti wolowa mumsewu waukulu amadikira, a mumsewuwo ndi eni njira, ukafika pa raundabauti upatse mpata ochokera kumanja. Zoona zake ndi zimenezo ndipo ine sindikutsutsa. Koma aphunzitsi aja anaiwala kunena kuti 5 koloko mpatawo kulibe. Magalimoto ochokera ku Clock Tower anali atagundana mphuno ndi matako, aliyense maso kutsogolo gwa ngati munthu woti ali ndi ngongole yako wakuona pamsika. Anzathu odziwa amalowetsa kamphuno pang'ono pang'ono, dzanja panja, kumwetulira ngati ukupempha mchere kwa aneba, wina akachita manyazi iwe lowu, kenako ma hazadi kawiri kuthokoza. Ine ndi apongozi m'galimoto ndinati ayi, lero tiyendera buku.

Tinakhala. Sienta ya kumbuyo hutala, kenako inandizungulira nkulowa ngati ine ndi mtengo wa magetsi. Inanso chimodzimodzi. Apongozi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku chapansipansi, atamaliza mavesi onse anafunsa mwaulemu kwambiri, "Bambo, kodi pali amene tikumudikira?"

Ndiye poti Mulungu si munthu ndinaona minibus ikundiphethirira malaiti. Apa pakufunika tikhale pansi ngati dziko tigwirizane, chifukwa kuphethira kumeneku kuli ndi matanthauzo ambiri kuposa maloto. Wina akutanthauza lowani akulu, wina akuti usayerekeze ndikubwera, wina akuchenjeza mnzake kuti a traffic ali kutsogoloko, wina wangoona mlamu wake. Ine ndinasankha tanthauzo londikomera. Ndinaponda mafuta nkusiya kilatchi yonse kamodzi, Polo inadumpha ngati chule nkuzima, theka mu highway theka pa filling.

Kumeneko dalaivala uja amaphethirira anthu amene anaima m'mbali, kufunsa ngati akupita ku Limbe.

Mabuleki kwiii! Kondakitala theka la thupi lili pawindo, "Madala, laisensi munagula pa Wenela eti? Galimotoyo kabwezeni kwa eni ake!" Chondiwawa nchoti mbali yachiwiriyo amanena zoona. Ndili njenjenje ndinati ndiyatse kaya indiketa kaya chani anthu aone kuti ndili pamavuto, dzanja linapita kumanja mwachizolowezi nkukoka. Madzi fwaaa. Ndipo kapaipi ka mlamu wanga nkopindika, sikathira pagalasi, kamathira cham'mbali, ndiye panali wa kabaza amene amazembera pakati pa ine ndi minibus atanyamula bambo wina wa suti, envelopu ya khaki m'manja. Madzi ake a sopo wochapira mbale. Bamboyo anadzipukuta kumaso, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana ine, "Akulu, chizimalupsa chake chimenechi?"

Ndinaliza galimoto, kuzima. Kulizanso, kuzima, kumeneko ili mu giya 3. Ndinati bola ndibwerere m'mbuyo, rivesi osapezeka, ndinadzamva mawa lake kuti ya Polo umayamba wakanikiza ndodoyo pansi. Thukuta kamukamu, ma waipa akungopita uku ndi uku ngati akundikanira.

Ndinangomva chitseko kutseguka. Apongozi anatsika, kukonza duku, kuyika chikwama pampando, nkuyenda mwa phee mpaka pakati pa msewu nkukweza dzanja limodzi. Abale, yunifomu ya Mvano ija ndi ina. Leni yonse inaima, hutala yense zii, kondakitala wamwano uja mpaka anati "pepani amayi". Iwo anasuzumira pawindo langa, "Giya wani bambo, kilatchi muzisiya pang'onopang'ono ngati mukutula mwana wogona." Malemu apongozi aamuna anali dalaivala wa lole ku ma esiteti a tiyi ku Thyolo, ine zimenezo ndinali nditaiwala.

Inayenda! Ndinalowa mu highway mwaulemerero, giya 2, giya 3, mtima uli m'malo, ndinathokozanso a kumbuyo ndi ma waipa. Tikudutsa pa Poly, pano akuti MUBAS, ndinati "Zikomo kwambiri amayi, mwandipulumutsa."

Chikwama sichinayankhe.

Ndinawasiya. Mayi ake a mkazi wanga, ndinawasiya pakati pa Chipembere Highway dzanja lili m'mwamba. Kuima pompo sindikanatha, kumbuyo kuli mzere komanso ndimaopa kuti ikazimanso andilowetse ndani. Ndinapita mpaka pa raundabauti ya Chichiri, apo napo ndinadikira ochokera kumanja ngati ndikudikira malipiro, kuzungulira, kubwerera ku Ginnery Corner, mphindi ngati 40 zatha. Pa filling palibe. Wothira mafuta akungoseka, akuti "amayi aja apita kalekale bwana". Ndiyimbe foni yawo, ikulira m'chikwama pambali panga, nyimbo yake ya kwaya.

Kenako madam. Sanakuwe, bola akanakuwa. Anangoti amayi afika, anakwera minibus yomwe ija mpaka ku Limbe ndipo kondakitala anakana kuwalipiritsa, akuti ndi mkamwini ameneyo avutika kale mokwanira, mpaka anawapatsa ya Bangwe.

Chikwama ndinakapereka usiku womwewo pamodzi ndi shuga mapaketi awiri ndi buledi, ndinagwada pakhonde. Iwo anangoseka nkundipatsa nsima. Vitz inatuluka, ndikuyendetsa bwinobwino, koma mpaka lero ndikawatenga tikangofika pa mphambano iliyonse, ngakhale msewu uli mbee, amagwira chitseko nkundiyang'ana, "Bambo, nditsike?"