Zikomo inu amene munatitsitsira mavayolini kuno ku chigwa

Loweruka lapitali ana a kwaya yathu ya Sande sukulu kuno ku Ngabu anaona ndi maso zida zoimbira zimene ankangozimvera pa wailesi. Tsikulo ndinali yakaliyakali, moti ambiri a inu sindinakugwireni chanza. Landirani kuthokoza kwanga pano.

Ndiyambe ndi inu achimwene ndi achemwali anayi amene munanyamuka ku Blantyre m'mamawa, kutsika zikhotakhota za phiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, muli ndi mavayolini awiri, viola (vayolini yokulirapo pang'ono) ndi cello, chivayolini chachikulu chija chimene chinalipiridwa mpando wakewake m'minibasi. Munabwera mu Okutobala, mwezi umene ngakhale ife eni dera timathawira pansi pa mitengo. Dzuwa lathu silinazichitire ulemu zida zanu: nsambo zinkangomasuka, inu n'kumaima kuti muzikunge. Ulendo woyamba ana anaombera m'manja kukungako, kuyesa kuti nyimbo ndi imeneyo. Munaseka nawo, ndipo manyazi anathera pomwepo.

Ine nkhawa yanga inali pa nyimbo ya Joseph Haydn, mkulu wa ku Austria amene anamwalira mu 1809. Ndi yaitali, ya zigawo zinayi, yopanda liwu ndi limodzi lomwe, ndiye ndinkati ana a zaka 7 akhala bwanji pansi? Achemwali a vayolini yoyamba, munangowauza kuti azimvetsera chida chimene chikutsogolera ndi chimene chikuvomera, monga timachitira mu kwaya. Basi, tiana tija tinayamba kuloza ndi zala, uyu wafunsa, uyo wayankha. Kumene zinachokera nyimbozi anthu amadikira zigawo zonse zithe kuti aombe m'manja. Kuno amayi anaimba nthungululu pakati penipeni, ndipo ine sindikuonapo cholakwa.

Zikomonso polola ana kugwira zida. Anadabwa kumva kuti uta wokhwekhwezera nsambo uli ndi ubweya wa kumchira wa hatchi, ndipo kuti popanda kuupaka utomoni sulira. Kamtsikana kena kanaika dzanja pamimba pa cello achimwene akukoka nsambo yaikulu ija, kanalumpha n'kuthawira kwa amake, kenako kanabweranso kukaima pamzere kachiwiri.

Agogo athu ochokera ku Nsanje, inu ndi anzanu awiri munabwera ndi ulimba, chida chija cha matabwa omenya ndi timitengo, titangokutumizirani mawu kamodzi. Ndinakuitanani dala. Sindinafune kuti ana apite kwawo akuganiza kuti nyimbo zapamwamba zimangobwera pagalimoto kuchokera kumtunda. Mutayamba kumenya atatu pachida chimodzi, woimba cello anagwada pansi kusuzumira zikho zopachikidwa kunsi kwa matabwa, kufuna kuona kabowo kotsekedwa ndi kanembanemba kamene kamachititsa kuti mawu azinjenjemera. Mafunso amene anakupanikizani nawo anaposa a ana.

Ena mukudziwa kumene tachokera. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi anatitengera kiyibodi ndi mabuku athu onse a do-re-mi, ndipo ena mwa ana amenewa anagona m'makalasi a sukulu amene anasanduka misasa. Kuyambira pamenepo takhala tikuimba za pamtima. Ndiye mumvetse chifukwa chake ndinalephera kutsogolera bwino pamene anawa anaimba Aleluya wa mu Messiah, nyimbo yaitali yopekedwa ndi Handel, imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, zida zenizeni zikuwaperekeza. Manja ankagwira ntchito, koma maso anali atadzaza misozi.

Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo potipatsa tchalitchi ndi mabenchi. Amayi a Mvano, thobwa lanu linapulumutsa alendo, ndipo nsima ya mlamba ija akuifunsabe pa foni. Anyamata a kabaza amene munanyamula ana a kumidzi yakutali osalandira kanthu, Mulungu akubwezereni. Makolo amene munamasula ana ku ntchito za kudimba, takuonani.

Alendo atisiyira vayolini imodzi yaing'ono yobwereka, ndipo alonjeza kumatiphunzitsa pa WhatsApp. Ana ofuna kuigwira achuluka kale kuposa nthawi imene tili nayo. Ngati alipo pakati pa Nchalo ndi Bangula amene anaphunzirapo chida chimenechi, chonde tipezeni ku tchalitchi Lachitatu masana, nthawi ya kwaya.