Bongololo wa ku Bamburi

Ndikanamuponda. Nsapato inali itanyamuka kale pamene kamtsikana ka yunifomu yobiriwira kanakuwa kumbuyo kwanga, "Jongoo! Jongoo!" Ndinangoima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Pansi panali bongololo, amene m'Chiswahili amati jongoo, wakuda bii, wonenepa ngati chala, timiyendo take tofiira tikuyenda ngati mafunde. Posakhalitsa kalasi yonse inandizinga, ena akuseka, ena akundiyang'ana ngati ndagwidwa ndikuba mbuzi ya mfumu.

Mlamu wanga, yemwe wakhala ku Mombasa zaka zambiri, anandikoka malaya. "Alamu, bwezani mwendowo. Kuno ameneyo ndi bwana."

Tinali ku Haller Park, nkhalango yosungirako nyama ya ku Bamburi, kumpoto kwa mzinda wa Mombasa ku Kenya. Kukafikako n'kosavuta. Mumakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, yolowera ku Mtwapa, kuwoloka mlatho wa Nyali, n'kutsikira pamsewu wa ku Malindi pafupi ndi fakitale ya simenti. Chovuta ndi kutentha basi, kuja kwa chinyezi komata malaya pamsana. Kondakitala wathu anaiwalanso dala chenji changa mpaka mlamu atamukumbutsa m'Chiswahili chokhadzula. Pa geti alendo akunja amalipira zambiri kuposa eni dziko, ndiye musadabwe, ndipo nyamulani madzi akumwa.

Wotionetsa malo anatola bongololo uja, n'kumuika pachikhatho cha kamtsikana kaja, kenako anafunsa anawo kuti dothi limene aimapolo linachokera kuti. Onse pamodzi anayankha kuti ndi ndowe za jongoo. Ine ndinaseka ndekha, kuyesa nthabwala. Sinali nthabwala.

Nkhalango yonseyo inali dzenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Bamburi Cement inkakumba pamenepo miyala ya laimu, ija yopangidwa ndi matanthwe akale a m'nyanja, n'kumasiya chigwa choyera mbuu, chopanda dothi, madzi apansi ake amchere. Mu 1971 katswiri wa zaulimi wa ku Switzerland, René Haller, yemwe ankagwira ntchito pakampaniyo, anayamba kuyesa kudzalamo mitengo. Pa mitundu 26 imene anayesa, itatu yokha ndiyo inapirira: casuarina, damas ndi kokonati. Casuarina samaopa mchere, ndipo m'mizu mwake mumakhala tizilombo tomukokera chakudya kuchokera mumpweya, monga zimachitikira ndi nyemba. Koma masamba ake, aja onga singano, saola msanga. Ankangounjikana pathanthwe, ouma gwaa.

Apa m'pamene bongololo analowa ntchito. Haller anaona kuti amiyendo yofiirawa amadya masamba amenewo, choncho anawatolera mazanamazana n'kuwamwaza m'dzenjemo. Iwo kudya, kuchita chimbudzi, kuswana. Chaka ndi chaka kadothi kakuda kankakwera pamwamba pa mwala, mpaka mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa nyanja inayamba kugwira. Wotionetsa uja anafukula pansi ndi kamtengo kuti tione: dothi lakuda pamwamba, pansi pake mwala woyera uja uli chikhalire. Ndinagwada n'kufumbata dothilo. Linkanunkhira ngati munda mvula yoyamba itangogwa.

Zinazo tinangodutsamo. Mvuu zilipo, ng'ona zilipo, maiwe a nsomba, ndi afulu akuluakulu oti mwana akhoza kukwerapo. Nyamalikiti imadya m'manja mwanu n'kukusiyirani dovu mpaka m'chigongono, ndipo nthawi yozidyetsa mufunsiretu pa geti. Anatiuzanso za Owen, mwana wa mvuu wopulumutsidwa kufupi ndi Malindi mu December 2004, yemwe anadzakondana ndi fulu wokalamba dzina lake Mzee. Ana anaikonda nkhani imeneyo. Ine mtima unatsalira padothi paja.

Titakhala pabenchi, mlamu akusenda embe, ndinayamba kuwerengera zaka. Ntchito yokonza dzenje inayamba fakitale ikugwirabe ntchito, simenti ikugulidwa, magalimoto ndi antchito alipo. Mpaka lero fakitaleyo ili pompo, mumaiona pamwamba pa mitengo. Akanadikira tsiku lotseka geti, ndani akanalipira munthu woti azitola abongololo kwa zaka makumi? Mgodi ukatha phindu, ndalama zimathawa kaye, mabwana n'kutsatira, dzenje n'kutsalira anthu a m'mudzi ndi ng'ombe zawo. N'chifukwa chake lamulo la migodi la Kenya la 2016 limafuna kuti wopempha chilolezo aperekeretu chikole cha ndalama zokonzera malo. Pulani yeniyeni yotsekera mgodi imalembedwa khasu lisanagwe: dothi lapamwamba lisungidwa pati, makoma a dzenje apendekeka bwanji kuti asagumukire anthu, madzi odikha apita kuti, ndipo omwe ankadya za pamgodipo adzadya chiyani.

Mlamu anandidula. "Komatu alamu, musatengeke kwambiri. Uwu ndi mwala wa laimu chabe."

Ananena zoona. Dzenje la laimu ndi lofatsa. Kumene amakumba golide kapena kopa kumatsala madamu a matope osakanikirana ndi mankhwala, ndipo miyala ina ikakumana ndi mpweya ndi mvula imatulutsa madzi a asidi omwe amatha kuyenderera mumtsinje kwa zaka zambirimbiri mgodi utatsekedwa. Pamenepo bongololo alibe mawu. Ndiye ndikaona makampani a migodi, kulikonse kumene ali, akugawa mbande ndi matisheti kusukulu tsiku la zachilengedwe, ndimakhala ndi kafunso. Kudzala mtengo ndi bwino, sindikukana. Koma mwana wokhala pafupi ndi mgodi aphunzitsidwenso kufunsa kuti madzi a pachitsime chawo anayezedwa liti, zotsatira zake zili kuti, ndipo chikole chija akusunga ndani. Phunziro lotere silioneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook, mwina n'chifukwa chake limasowa.

Chimene ndinakonda kwa wotionetsa uja n'chakuti sanabise mwala. Anaufukula dala kuti ana aone chilonda chili pansi pa nkhalangoyo, ndi kuchepa kwa dothi lomwe lapangika m'zaka zoposa 50.

Potuluka tinakumananso ndi kalasi ija ikukwera basi. Kamtsikana kaja kanandizindikira, kanaloza nsapato zanga n'kunong'oneza mnzake, onse n'kuphulika kuseka. Njira yonse yobwerera ku geti ndinali nditayenda choweramira pansi ngati wataya ndalama, ndipo khosi linandiwawa mpaka tinawolokanso mlatho wa Nyali.